Kaundula wa kwathu akuthera ku Joni

Nditafuna kusonkhanitsa anzanga amene ndidayamba nawo Fomu 1, ntchitoyo ingandiphwekere kuno ku Johannesburg kusiyana ndi kumudzi. Wina amapenta nyumba ku Randburg, wina amalonda pa geti ku Midrand, awiri amadulira maluwa m'mipanda ya anthu olemera cha ku Fourways, ndipo mayi amene ankatisiya tonse kutali pa masamu amachapa ndi kusita zovala za eni ake ku Sandton. Ena timangowamvera pa foni ali ku Cape Town ndi ku Durban. Lamulungu tikaweruka ku mapemphero, nkhani imayambira pa mtengo wa thumba la feteleza kumudzi, imadzera pa za mapepala ndi apolisi, kenako, tifune tisafune, imakathera ku sukulu yathu ija ya m'mapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi. Timayamba kuitana mayina mmene ankachitira aphunzitsi a kalasi m'mawa. Uje ali kuti? Akupalasa kabaza pa Mponela. Nanga uje? Adakwatiwa cha ku Malomo, mwana wake woyamba adakwatiwanso kale. Nanga wamtali uja ankaimba ng'oma pa kwaya? Pamenepo wina amangopukusa mutu, ndipo tonse timadziwa.

Sukulu yake si yotchuka. Ndi imodzi mwa zija timati CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera, ndipo aliyense wa ku Dowa kapena ku Ntchisi akhoza kuiona m'maganizo ngakhale sadafikeko: midadada iwiri ya njerwa zootcha, mazenera a mabowo opanda magalasi, kaofesi ka ahedi kamene kadalinso chipinda cha aphunzitsi ndi mosungira mabuku, ndi chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pa mtengo wa mango kuti chikhale belu. Mwezi wa Juni nkhungu inkatsika ku phiri la Ntchisi n'kudzaza makwawa onse, moti umamva mawu a mnzako ali patsogolo pako osamuona. Tinkafika mame atanyowetsa mathalauza mpaka m'maondo, zala zitauma, cholembera chosagwirika. Koma kunja kukayera, ukaima pa mtunda wa kuseri kwa bwalo la mpira, unkaona dziko likutsetserekera kum'mawa, mapiri akutsogozana mpaka kukathera kuchigwa cha kunyanja. Kuno ndikakwera padenga la nyumba ya munthu kukakoka mawaya, maso amafunafuna okha mtunda wotere, koma amakumana ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi.

Ife ndife ana a 1994. Chaka chimenecho a Bakili Muluzi atangolowa m'boma adachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana a sukulu m'dziko lonse adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kwathu abusa a ng'ombe adataya zikoti n'kukalembetsa. Mu Sitandade 1 tidakhala pansi pa mtengo limodzi ndi anyamata a ndevu zoyamba kumera. Boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri osadutsa ku koleji, n'kuwapatsa choko atangowaonetsa njira kwa masabata ochepa. Sindili m'gulu la onyoza chaka chimenecho, chifukwa pakadapanda icho bwenzi ndili kudambo ndi ng'ombe za anthu. Koma walira mvula walira matope. Chikhamu chija chidayenda pang'onopang'ono, ena akugwa m'njira, ena akubwereza kalasi kawiri katatu, mpaka chidakagogoda pa khomo la sekondale, n'kupeza khomolo lili laling'ono monga lidaliri kale.

Kukhoza mayeso a Sitandade 8 ndi nkhani ina, kusankhidwa ndi nkhani inanso. Mwa ana amene MANEB imati akhoza, opeza malo m'sekondale za boma sakwana theka. Osankhidwawo amawasanja ngati fodya pa tebulo la giredi. Tsamba labwino kwambiri limapita ku masukulu otenga ana a dziko lonse, monga Dedza Government, Lilongwe Girls, kapena Robert Blake pa Kongwe pomwepa, pamene amishoni a Dutch Reformed adakhazikika mu 1894, patatha zaka zisanu chiyambire mishoni ya ku Mvera. Lotsatira limapita ku masekondale akuluakulu a m'maboma athu momwemo, monga Madisi, Dowa ndi Mbomba. Ife tidali masamba a m'munsi aja. Mnyamata wa ku Kongwe akabwera ku holide, ngakhale kayendedwe kankasintha, ndipo amayi ake ankapatsidwa moni wina kuchigayo. Ife tinkavala yunifolomu m'mawa, madzulo tili kudimba ndi kheni m'manja, ndiye panalibe wotigomera.

Masukulu athuwa adayamba ngati malo a MCDE, kumene ana osasankhidwa ankasonkhana kuwerenga timabuku ta maphunziro a pakalata moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wa pulayimale. Mu 1998 boma lidalamula kuti malo onsewa asanduke masekondale a m'dera. Chidasintha ndi chikwangwani. Nyumba, mabuku ndi aphunzitsi zidatsala zomwezo, ndipo agogo kwathu mpaka lero amati mdzukulu wawo amaphunzira pa MCDE.

Aphunzitsi athu tinkawawerenga ndi zala osatha manja onse awiri, ahedi kuphatikizapo. Pafupifupi onse adaphunzira uphunzitsi wa pulayimale, ku Kasungu TTC kapena ku Lilongwe TTC, n'kungowakokera kwa ife, ndipo kuchoka kwawo kudasiyanso dzenje ku pulayimale komwe adali. Padali bambo wina woonda, wa jekete imodzi yabulauni yong'ambika m'zigongono, amene ankaphunzitsa Biology, Agriculture ndi Physical Science mafomu onse anayi. Labotale kudalibe. Asidi tidamudziwira pa bolodi, atajambulidwa ndi choko m'kabotolo kojambulanso ndi choko. Koma tsiku la phunziro la magetsi adabwera ndi mabatire awiri a wailesi yawo, kababu ka tochi, ndi waya wa kopa wotola kuchigayo. Adatiuza kuti titseke chitseko ndi kuphimba mazenera ndi zitenje za atsikana. Mnyamata wina adamugwiritsa nsonga iyi, mtsikana wina nsonga inayo, n'kuwauza kuti akhudzitse. Kababu ngwee! Atsikana adaimba nthungululu, a Fomu 3 n'kuthamangira kudzasuzumira m'mabowo. Aphunzitsiwo adangoti, "Basi ana inu, musandithere mabatire, madzulo ndimvera mpira." Mawaya amene ndimalumikiza m'nyumba za anthu kuno adayambira pa kababu kameneko, ndipo ndikamva munthu akunyoza aphunzitsi a m'ma CDSS kuti ndi osakwanira, ndimayamba ndamufunsa ngati iye akadapirira kuphunzitsa maphunziro atatu mafomu anayi ndi buku limodzi.

A dipuloma a ku Domasi ndi a digiri a ku Chancellor College ankatumizidwa ndithu, koma sankakhalitsa. Munthu atsike basi pa msewu wa tala, akwere matola, atsirize ndi njinga, apeze kuti nyumba ya aphunzitsi ndi imodzi, ya ahedi, iye akachite lendi kachipinda kuseri kwa golosale, kopanda magetsi, madzi a pa mjigo wa mudzi wonse. Teremu isanathe ali kale ku Kasungu, ku maofesi a Central East Education Division, kalata yopempha transifa ili m'manja. Ndani angamudzudzule? Athu enieni aja akapeza mwayi wokawonjezera maphunziro ku Domasi, tinkawaperekeza ndi nkhuku ndi nyimbo, tikudziwa bwino lomwe kuti dipuloma ikatuluka awapatsa sukulu ya pafupi ndi tauni. Ndiye sukulu ya kumudzi imalera mphunzitsi, akakhwima n'kukadyerera ena. Boma lidatsegula koleji ina ya aphunzitsi a sekondale pa Nalikule, ndipo aphunzitsi oyenera achulukirapo kusiyana ndi nthawi yathu, koma msewu wa kwathu ukadali womwewo, ndipo nthawi ya dzinja galimoto imabwerera pa mtsinje.

Mphunzitsi wamkazi sitidakhalepo naye zaka zonse zinayi. Ambiri amapempha kutsatira amuna awo ku Lilongwe kapena m'malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo pempho lotere silikanidwa kawirikawiri. Nthawi imeneyo sindinkaona vuto. Lero ndikalingalira za anzathu aakazi, ndimaona kuti adatha zaka akumva kuti sukulu ndi yabwino kuchokera kwa amuna okhaokha, osaonapo mayi wogwira choko, wolandira malipiro ake, woyenda pa njinga yogula yekha. Akavutika ndi za kumwezi adalibe womunong'oneza. Ankangojomba.

Mu Fomu 1 tinkakhala atatu pa desiki ya awiri, ena pansi kutsogolo miyendo itatambalala mpaka pa bolodi, ndipo atsikana adali pafupifupi theka, poti posankha boma limayesetsa kuti anyamata ndi atsikana alingane. Pofika Fomu 4 aliyense adali ndi desiki yake, ndipo atsikana onse ankakwana mzere umodzi wa cha kuzenera. Kaundula sankachepa tsiku limodzi ayi. Ankadyeka mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi yothyola ndi kusoka fodya, yomwenso nkhokwe zimakhala zili mbee. Mwana ajomba Lolemba, abwera Lachitatu ali ndi manja akuda ndi phula la fodya, sabata yamawa osaoneka, ndipo aphunzitsi a kalasi apitiriza kutchula dzina lake kwa mwezi wathunthu asanalidule. Fizi kwathu inkachokera m'chigafa. Belo likagulidwa bwino ku okushoni ku Kanengo mwana ankabwerera, likabwezedwa ndiye kuti zake zada. Ife tidalowa sekondale njala ya 2002 itangodutsa kumene, mabanja atagulitsa mbuzi, njinga, ngakhale malata a padenga, ndipo ambiri amene mayina awo adatuluka pa selekishoni sadaponde n'komwe pakhomo la kalasi.

Anthu a m'tauni amakonda kunena kuti ana a ku Dowa ndi ku Ntchisi amasiya sukulu chifukwa cha gule wamkulu. Ine zimenezo ndimazimva ndi khutu limodzi. Amene adatiposa tonse pa MSCE adali wolowa kudambwe, ndipo ng'oma zikalira usiku iye m'mawa ankafika msanga kuposa ife ana a Sande sukulu. Gule amakoma chilimwe, anthu atakolola. Madesiki ankakhuthuka dzinja, ndipo chowakhuthula aliyense ankachidziwa.

Mlongo wanga adasankhidwa ine ndikulowa Fomu 3. Madzulo ena atsibweni, amene kwathu ndiwo mwini mbumba, adabwera n'kukhala pa mpando wa ndalema, bambo ali pa mphasa.

"Alamu," adatero, "mabelo awiri sangaphunzitse ana awiri. Mphwangayu watsala pang'ono, atsirize. Naphiri adikire chaka chamawa."

Amayi adayankhira kukhitchini osatuluka n'komwe. "Achimwene, chaka chamawa chimenecho mudachionapo chitafika?"

Palibe adayankha. Mlongo wanga adadikira, ndipo chaka chamawacho chidamupeza ali pabanja. Atsibweni sadali munthu woipa. Adawerengera ndalama zomwe zidalipo, ndipo m'midzi yambiri masamu ake amatuluka chimodzimodzi.

Atsikana amene makolo awo adalimba mtima adakumana ndi mtunda. Wochokera kuseri kwa phiri sakadatha kuyenda maola awiri m'mawa ndi awiri madzulo, ndiye ankachita lendi timanyumba pafupi ndi msika, atatu kapena anayi chipinda chimodzi, ufa ndi nkhuni zochokera kwawo Lamulungu. Ufa ukatha Lachinayi, pamsika pamakhala amuna a ndalama za fodya. Chiyambire 1993 lamulo limalola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana osakwana zaka 18 asalowe m'banja. Zonsezi n'zabwino, koma mwa anzathu amene adatenga pathupi sindikumbukapo wobwerera, poti wosiyira khanda adalibe, ndipo pakamwa pa anyamata a m'kalasi padali poopsa kuposa lamulo. Otsalawo ankasesedwa ndi mayeso a JC mu Fomu 2, amene boma lidawachotsa pambuyo pa 2016 n'kuwabwezeretsa mu 2021. M'gulu lathu muli oikira kumbuyo mbali zonse ziwiri, ndipo ndidasiya kulowerera.

Chodabwitsa n'chakuti sukulu yokhuthuka m'mawa imadzaza masana. Belu loweruka likalira, pa madesiki omwewo pamakhala a Open: osasankhidwa aja, obwereza Fomu 4 kufuna kutsitsa mapointsi, amayi obereka ana kumbuyo, ngakhale bambo wa golosale wofuna satifiketi kuti akaime pa ukhansala. Iwowa amalipira, ndipo kandalama kameneko ndi kamene kamasunga aphunzitsi ena kumudzi. Koma mphunzitsi ndi yemweyo, mmero ndi womwewo, ndipo pofika 4 koloko mawu amakhala atasasa. Wonena kuti anthu a kwathu safuna sukulu akaime pakhomo la kalasi masana.

Ndipo anthuwo akuchulukirachulukira. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 ku Ntchisi, ndipo m'dziko lonse theka la anthu ndi ana osakwana zaka 18. Chaka chomwecho boma lidachotsa fizi ya tuwishoni ku sekondale, ngakhale ndalama zina monga ya chitukuko cha sukulu zidatsala. Ndi thandizo la USAID, pulojekiti ya SEED idamanga masekondale atsopano m'midzi, ndipo zithunzi zake zikafika pa foni timazikulitsa ndi zala kuona penti ndi magalasi a m'mazenera. Tsopano nkhani ili m'kamwa ndi ya sekondale yaulere. Ndikugwirizana nayo ndi mtima wonse, chifukwa ikadabwera msanga bwenzi atsibweni asadachite masamu aja. Koma ife a 1994 tikudziwa chimene chimachitika khomo likatseguka aphunzitsi asanakonzedwe. Ndikaimba foni kumudzi, za midadada amandiyankha mwachangu. Ndikafunsa kuti wa masamu ndi wa sayansi alipo angati, amayamba kaye kutsokomola.

M'boma la Dowa muli gulu linanso la ana a sukulu. Pa Dzaleka, pamene nthawi ya a Kamuzu padali ndende ya andale, padatsegulidwa kampu ya othawa kwawo mu 1994, chaka chomwe chija. Malo okonzedwera anthu osapitirira 12,000 tsopano muli oposa 50,000, ambiri a ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Pali sekondale imene bungwe la Jesuit Refugee Service limathandiza kuyendetsa, ndipo ana olankhula Chiswahili, Chirundi kapena Chifalansa pakhomo amalemba mayeso a MANEB omwewo, limodzi ndi ana a m'midzi yozungulira, akulimbirana malo ochepa ngati ife tomwe. Tili ana tinkangowaona pamsika n'kumadutsa. Lero ndimakhala m'dziko limene kholo lachimalawi limaima pa ofesi ya sukulu mtima uli phaa, poopa kuti afunsa pepala lomwe lilibe, ndipo ambirife ana timawatumiza kwa agogo awo kuti akalembe Sitandade 8 kumudzi. Mu Meyi 2023, apolisi atayamba kusonkhanitsa othawa kwawo m'matauni a ku Malawi kuti abwerere ku Dzaleka, ana ena n'kuchoka m'makalasi pakati pa teremu, m'gulu lathu la Lamulungu mudalibe woseka.

Agogo athu ankabwera kuno pa Wenela atadinda chala pa pepala, mpaka a Kamuzu adaimitsa maulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Iwo sukulu adalibe. Ife timabwera pa basi, kudzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, satifiketi ya MSCE itakulungidwa m'pulasitiki pansi pa chikwama. Palibe bwana adandifunsapo kuti ndidapeza mapointsi angati. Komabe Chingelezi chimene aphunzitsi a pulayimale aja adatikhomerera m'mutu ndi chimene chimatipezetsa ntchito, ndiye kuti thukuta lawo likudyedwa ndi dziko la eni. Nawonso aphunzitsi ali konkuno. Pali bambo wina amene adaphunzitsa masamu pa CDSS ina ku Dowa komweko, lero amaperekera zakudya m'lesitilanti. Tonse timawatchabe aphunzitsi, ndipo akatipatsa chinthu timalandira ndi manja awiri, ngakhale ena a ife timalandira zambiri kuposa iwo.

Tili ndi gulu pa WhatsApp la ophunzira akale, ndipo mwezi ndi mwezi timasonkha kangachepe n'kutumiza pa Mukuru. Mkangano ulipo ndi wakuti timange chiyani. Amayi ambiri akuti hosteli ya atsikana, ndipo zifukwa zawo sindingazitsutse. Anyamata a ku Cape Town akuti labotale. Ine ndaima pa nyumba ya mphunzitsi, ya zipinda ziwiri, ya sola padenga ndi chimbudzi chake, chifukwa labotale yopanda mphunzitsi tidzasungiramo chimanga, ndipo hosteli imafuna mayi woiyang'anira wogona pomwepo. Ahedi atsopano adatumiza uthenga wa mawu, mphepo ikuwomba mu foni. "Makosana ndi amayi a ku Joni, njerwa makolo aumba kale, mchenga atuta. Chatsala ndi simenti ndi malata. Gwirizanani, ife tikudikira."

Mlongo wanga tsopano ali m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pa sukulupo, ndipo mwana wake wamkazi ali Fomu 2. Adandiimbira yekha, ma yunitsi ake omwe.

"Achimwene, inu mangani nyumbayo. Ife amayi tikakhala pakhomo la ofesi ku Kasungu mpaka atipatse madamu."

Uvuni akuti auotcha mvula isanagwe. Ine ndalonjeza mafelemu a zitseko ndi mawaya a sola, ndipo ndikapeza wondigwirira ntchito mu Disembala ndikalumikiza ndekha. A hosteli sadagonje. Akuti nkhaniyi tiiyambirenso kumapeto kwa mwezi, malipiro akatuluka.